Chimene Chinkalira M'bokosi Lanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzukako bwanji? Kuno tilipo. Kaya ndinene kuti tili bwino, kaya ndinene kuti tasokonezeka, muweruze nokha mukamva zonse.

Ndiyambe ndi zokoma. Alamu anga a Nabanda anachira mu Epulo, mwana wamkazi. Achimwene a Yohane anamupatsa dzina lanu, Esinati. Mphumi ndi yanu ndithu, ndipo akamalira amakwinya nkhope monga munkachitira mukaona munthu akuponda bedi la nazale. Chimanga chaka chino chatikomera, nkhokwe yadzaza. Fodya yekha ndiye anapepuka, mvula inadula msanga, masamba asanakhwime. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, mmodzi anafa ndi chisanu cha mu Juni. Chiliza chanu tamanga, ndipo Loweruka likubwerali ndi tsiku lochivundukula. Achibale a ku Kapelula atumiza kale uthenga kuti afika Lachisanu.

Pepala la digiri lija linabwera, Amayi. Munachoka miyezi itatu yokha ndisanavale mkanjo. Makalata ofunsira ntchito ndatumiza ku Lilongwe mpaka ndasiya kukumbukira kuti ndalembera ndani, koma kuli zii. Inu mukundidziwa, kukhala pansi sinditha. Ndinauza achimwene kuti fodya watha ntchito, dziko likupita kwina, ife tidakali kuwerama ndi kheni yothirira nazale m'dambo. Ndinati ine ndikufuna kumapanga maampulifaya, zokuzira mawu a gitala, n'kumagulitsa m'matchalitchi ndi kwa anyamata a mabandi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti, "Zaka zinayi ku koleji, wabwerako ndi phokoso?"

Mukukumbuka wailesi yaikulu ija agogo anabwera nayo kuchokera ku esiteti, imene nkhuku zinkaikira mazira pamwamba pake? Ndinaiphwasula. M'kati mwake munali timababu tagalasi totchedwa mavalavu. Tikalandira magetsi timayaka pang'ono ngati khala, ndipo mawu odutsamo amatuluka onona, osati owuma ngati a zokuzira za masiku ano. Ndinagula sipika yakale pa msika wa pa boma, ndinalumikiza zonse pa tebulo m'chigafa, poti fodya anali atapita kale ku okushoni. Tsiku loyamba ndinakhudza nsambo imodzi ya gitala langa, mawu anatuluka oyera mbee. Alamu anasiya kuchapa n'kubwera kudzasuzumira. Ngakhale achimwene anaima pakhomo kanthawi.

Pamenepo m'pamene tinapangana. Anati, "Chikaimba chonchi pa tsiku la chiliza cha amayi, anthu onse akumva, mbali imodzi ya chigafa ndi yako, uzichitiramo zamisala zakozo. Chikakuchititsa manyazi, Seputembala uno kheni ili m'manja, ndipo za mawaya sindidzamvanso pakhomo pano." Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndinkaona ngati ndapambana kale.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Sipika siingapite kumanda ili maliseche, imafuna bokosi. Matabwa abwino ndinalibe, kudikira kalipentala sindikanatha. Ndinatenga bokosi lanu la mlombwa lija munkasungamo nsalu za kutchalitchi. Nsaluzo alamu anali atazisamutsa kale, munangotsala nyuzipepala yakale imene munayala pansi. Ndinaboola kutsogolo, ndinamangirira sipika m'kati, ndinakhomerera chivundikiro ndi misomali isanu ndi itatu, ndipo mavalavu ndi mawaya ake ndinaika pamwamba. Masana omwewo, poti mawaya ankaoneka ngati zisa za mpheta, ndinawadula onse kuti afupike, n'kuwawotchereranso. Ntchito ziwiri tsiku limodzi, osayesa pakati. Pepani, Amayi. Bokosi lanu lili ndi dzenje lalikulu ngati mbale.

Nditayatsa, ndinamva chinthu chachilendo. Nsambo zing'onozing'ono zinkaimba bwino. Koma ndikangokhudza nsambo yaikulu ija, makamaka ndikakweza mawu, pansi pa nyimbo pankamveka kulira kwina, ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini. Musandimve molakwa, oimba gitala amakonda mawu okalipa pang'ono, ndipo mavalavu amadziwika ndi zimenezo. Koma uku sikunali kukalipa. Kunali kunjenjemera konyansa, ngati denga la malata limene msomali wake wazuka.

Ndinayamba ndi magetsi. Kuno timadalira batire la sola ndi kainveta kaja kosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ndipo ndinaphunzira kuti magetsi ake sakhala osalala. Ndinamangirira zonse pa njinga mpaka pa Kaluluma, kwa mnyamata wometa amene ali ndi magetsi a m'mapolo. Anthu odikira kumetedwa anasonkhana. Ndinakhudza nsambo, njuchi ija n'kuyankha. Bambo wina, mutu utametedwa mbali imodzi, anati, "Aphunzitsi, mwabwera ndi gitala kapena chigayo?" Ndinabwerera dzuwa lili pamutu.

Ndiye ndinati ndi mavalavu, poti ndi achikulire kuposa inu. Ndinawasinthanitsa malo, ndinawagogoda ndi pensulo limodzilimodzi kuti ndimve lodwala. Onse anali bwino. Ndinati ndi makapasita, timigolo tosunga magetsi. Pochotsa kamodzi ndinaiwala kuti timasunga ukali ngakhale utazimitsa, ndipo kanandimenya mpaka chigongono chinachita dzanzi tsiku lonse. Ndinaika ena. Njuchi ili pomwepo. Ndinawotchereranso polumikiza paliponse, kawiri. Ndinayeza ndi mita malo onse, manambala n'kumagwirizana ndi za m'buku, ndipo chimenecho n'chimene chinandizunguza mutu kwambiri. Chinthu chingakhale bwanji cholondola paliponse koma chikulira molakwika?

Pa foni ndinafunsa anthu a kunja amene amapanga zoterezi. Wina anati thiransifoma yapsa. Wina anati mawaya ayandikana kwambiri. Wina anati ndilumikize waya wopita m'nthaka. Ndinakhomera chitsulo cha khasu lakale kuseri kwa chigafa, ndinamangirira waya, ndinathirapo madzi kuti dothi ligwire. Achimwene anandipeza ndili ndi kheni m'manja. Anaseka mpaka anagwira mzati. "Ehe, wayamba kale kuyeserera! Koma mawayawo umakolola mwezi wanji, bwana injiniya?"

Masabata atatu, Amayi. Ndinafika poganiza kuti mwina ku koleji anandipatsa pepala la munthu wina. Ndinafika poganizanso zina zimene munthu wophunzira sayenera kuganiza, zakuti mwina mwakwiya ndi dzenje lija. Ine amene ndinkakutsutsani mukamati kadzidzi akalira pa denga pali nkhani!

Lolemba lapitali alamu anabwera m'chigafa, Esinati ali kumbuyo, kudzatenga lichero. Anaima n'kumvetsera. Anati, "Alamu, ine za magetsi sindidziwa, koma chimenecho sichikulira ngati moto. Chikulira ngati kanthu kakukhudza pepala." Ndinawayankha mwamwano, ndivomere. Ndinati nkhani zake n'zovuta, sizofanana ndi kupeta. Anangoti, "Chabwino, a digiri," natenga lichero lawo.

Koma mawu awo anandikhala m'khutu. M'mawa mwake ndinapita kwa abusa kukabwereka sipika ya kutchalitchi, chinthu chimene ndikanachita tsiku loyamba ndikanakhala ndi mutu. Ndinachotsa mawaya awiri opita m'bokosi lanu, ndinalumikiza ku sipika ya abusa. Ndinakhudza nsambo yaikulu. Mbee! Ndinakweza mpaka kumapeto. Mbee! Ndiye kuti masabata onsewa ndinkapatsa mankhwala munthu wosadwala. Matenda anali m'bokosi, limene sindinalitsegulepo chikhomerereni, chifukwa mumtima ndinkati bokosi ndi thabwa chabe, mulibe sayansi.

Ndinazula misomali ija. Kumbuyo kwa sipika kumakhala maginito aakulu. Pa maginitopo panali patakakamira singano yanu yosokera fodya, ija abambo anakusulirani ku sipoko ya njinga. Nsonga yake inalowa pa mpata wa chitsulo n'kukagunda pepala la sipika, moti pepalalo likamagwedezeka ndi nsambo yaikulu, linkadzikanda pa nsongapo. Ndikuganiza kuti inali itabisala pansi pa nyuzipepala, m'mphepete mwa thabwa, ndipo nditapendeketsa bokosi pokhoma, maginito anaikoka. Ndinaizindikira ndisanaigwire n'komwe, chifukwa cha kansalu kofiira kaja munamangirira pa diso lake kuti aganyu asamaisokoneze ndi zawo.

Ndinakhala pansi pa dothi, singano ili m'manja. Ndinakumbukira m'chigafa momwemo, ine ndili Sitandade 6, mukundiphunzitsa kusoka. Ndinkafuna kumaliza msanga kuti ndikasewere mpira, ndiye ndinkabaya masamba asanu nthawi imodzi, n'kumang'amba mitsitsi yake ya pakati. Inu munkandilanda singanoyo, n'kunena kuti, "Limbani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Limodzilimodzi. Tsamba silithawa." Limodzilimodzi, Amayi. Aphunzitsi a ku koleji ankanenanso zomwezo m'Chingerezi, kuti usinthe chinthu chimodzi, uyese, kenako china. Ndinalemba pa mayeso, ndinakhoza, koma sindinamve.

Chimene simukudziwa n'chakuti achimwene anaifunafuna singano imeneyi nyengo yonse yosoka. Anagwetsa dengu lililonse, anafukula pansi pa mikangala yopachikira fodya, mpaka anakangana ndi alamu kuti anaitaya posesa. Nditawaitana n'kuwaonetsa, kuseka konse kunatha. Anaitenga, anaipukuta pa malaya, anakhala nthawi yaitali akusisita kansalu kaja ndi chala. Alamu anangoti, "Ndinanena ine," koma motsitsa, osayang'ana aliyense wa ife.

Nsonga ija inasiya kabowo pa pepala la sipika. Ndinapempha achimwene kuti ndidule kachidutswa ka kansaluko, ndinamata ndi guluu pa bowolo. Litauma ndinabwezera zonse, ulendo uno ndi zomangira zotsegulika, osati misomali. Ndinaimba nyimbo ija munkaikonda pa maliro a anzanu, yonse, mpaka kumapeto. Njuchi kulibe. Esinati anagona.

Achimwene anatsokomola, n'kunena kuti sadikiranso Loweruka, amva okha. Mbali ya kum'mawa ya chigafa ndi yanga. Ndinadumpha, Amayi, ndinali nditayamba kale kuona mashelefu ndi chikwangwani. Koma anandigwira dzanja, n'kuikamo singano ija. Anati, "Ine ndinaifuna miyezi itatu, sinandionekere. Iwe sunaifune, inakutsatira mpaka m'chiwailesi chako, n'kukuitana masabata atatu. Ndi yako. Febuluwale akafika, nyengo yosoka fodya, mbali ya kumadzulo ikukudikira."

Ndiye ndi pamene ndili, ndipo sindikumvetsa. Mutu wanga ukudziwa bwinobwino kuti maginito amakoka chitsulo, basi, palibe chodabwitsa. Koma bwanji singano yanu, bwanji bokosi limenelo, bwanji mwezi wa chiliza? Munkandiletsa gitala? Munkandibwezera ku fodya amene ndikuti watha ntchito? Kapena munkangofuna kuti mwana wanu wothamanga atsegule chivundikiro n'kuyang'ana m'kati? Ndafunsa alamu, poti tsopano ndaphunzira kuwafunsa. Anati mwina munkangofuna kuimba nawo, koma mawu anu a besi sanali abwino chiyambire. Mundikhululukire, ndinaseka.

Maganizo anga pa fodya sanasinthe, musaganize kuti mwandigonjetsa. Ndikufunabe kuti pakhomo pano padzamveke zina, osati kutsokomola kwa m'chigafa kokha, ndipo ndikufuna zichitike ndidakali mnyamata. Koma singanoyo ndaipachika pa mzati wa pakati, pamalire a mbali yanga ndi ya achimwene, kutali ndi maginito.

Loweruka tikubwera. Batire tidzanyamula pa ngolo, bokosi lanu ndidzalisenza ndekha. Mukadzamva nsambo yaikulu ikulira, mvetserani bwino, kansalu kanu kofiira kadzakhala kakugwedezeka m'katimo. Ndipo ndikulonjeza kuti Febuluwale akadzafika ndidzakhala pansi kumadzulo kuja, ndidzasoka mkangala wathunthu ndi singano yanu, limodzilimodzi, osang'amba ngakhale tsamba limodzi. Wachiwiri sindikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosadekha uja,

Limbani