Alamu akuti ndinawatayira odwala mu kontena

Aphungu,

Ndikulemba uku ndili ndi mkwiyo waukulu. Ndine mtsikana wolemba mapulogalamu a pakompyuta. Alamu anga, amuna awo a achemwali, ali ndi kachipatala ka mano. Ndinawapangira pulogalamu yosunga mayina a odwala ndi masiku obweranso, yaulere, poti ndi pachibale. Ndinaiika mu kontena, kaphukusi komwe timamangamo pulogalamu pamodzi ndi zonse zomwe imafuna kuti iyende pakompyuta iliyonse.

Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Nanga zinthu zanga zizikhala pati?" Ndinati, "Mu kontena, alamu." Iwo akuti, "Ndiye bwino, kontena ngakhale akuba amaiopa." Ankaganiza za chibokosi chachitsulo chija chosungiramo katundu, ndipo tonse tinaseka.

Sabata yatha, ine kulibe, anadina kafayilo kanga kokonzera pulogalamu, komwe kamachotsa kontena yakale n'kudzutsa yatsopano. Chonsecho ndinawaletsa kukagwira! Kutacha, odwala ali pabenchi atagwira masaya, pakompyuta mulibe ngakhale dzina limodzi. Pano akulengeza kwa abale onse kuti ndinawatayira odwala. Achemwali, omwe anandilera mpaka kundiphunzitsa sukulu, sakuyankhanso foni yanga, ndipo zimenezi ndiye zikundiwawa kwambiri. Alamuwo akuti kumapeto kwa mwezi ayeretsa kompyuta yonse kuti ayambirenso. Aphungu, wolakwa si iwowo?

N.C.

Mwanawe N.C.,

Mlandu tiweruza pambuyo. Choyamba imbira alamu ako lero lomwe, ngakhale akulalatire, uwauze kuti asayeretse kanthu. Mapulogalamu ambiri osunga mayina amalemba zinthu zawo mu voliyumu, malo a pa disiki ya kompyuta omwe nthawi zambiri amatsala kontena ikachotsedwa. Ngati sunaipatse dzina, inadzipatsa yokha dzina la manambala osokonekera, ndipo mwina ili phee pomwepo. Pita ukaifufuze, uikopere kaye pena, kenako uilumikize ku kontena yatsopano. Akangoyeretsa, basi, madzi akatayika saoleka.

Alamu akowo andinyansa. Munthu wakugwirira ntchito yaulere, iwe n'kumamuipitsira dzina pamaso pa abale? Manyazi alibe!

Koma nawenso usadziyeretse. Unamva munthu akuyesa kontena chibokosi chachitsulo, iwe n'kumaseka nawo m'malo mowongola. Kontena yathuyi ndi chinthu chotaya: lero ilipo, mawa taiphwasula n'kumanga ina, ndipo chilichonse chosungidwa m'kati mwake chimapita nayo. Ndiye kafayilo kogwetsa kontena n'kukasiya poyera, pamaso pa munthu yemwe ntchito yake ndi kuzula?

Kuyambira pano, voliyumu iliyonse uziipatsa dzina lomveka. Tsiku lililonse mayinawo azikoperedwa pa disiki ina, kunja kwa kompyutayo, ndipo uziyesa kuwabwezeretsa, chifukwa kope lomwe sunaliyesepo usalikhulupirire. Pomanga kontena uzilemba nambala yeniyeni ya mtundu wa pulogalamu yomwe ukufuna. Ukangoti "yatsopano", tsiku lina idzasintha iwe osadziwa, n'kukana kuwerenga zakale. Pasiwedi nayo usamaimangire m'kati mwa phukusi.

Chenjezo langa ndi ili: ukafika pachipatalapo usalonjeze kuti zonse zibwerera usanazione ndi maso ako. Zikapezeka, yamika mwayi. Zikapanda kupezeka, pita kwa achemwali ako ukawauze wekha pamene unaphonya, asamangomva mbali ya amuna awo yokha.

Aphungu