Pulasitala pa Kanyali Kofiira

Lolemba, 2 Julaye 2007
Chisanu cha lero! Zala gwa. Njinga yamoto yayambanso khalidwe lake: ndikangoliza, kanyali kofiira ka mabuleki phethiphethi. Ukagwira buleki nthawi imeneyo, ngati ukufinya nthochi yakupsa. Mzungu amene anaisiya pa chipatala chathu pano anandiuza yekha kuti mabuleki a njinga iyi amadya magetsi, batire ikafooka ndi kuzizira sagwira. Mankhwala ake: kuisiya ilire mphindi khumi, kuzimitsa, kulizanso. Kanyali kakazima, nyamuka. Ndi zomwe ndimachita m'mawa uno. A mayi Rozi, mkulu wa chipatala, ali pakhonde ndi kapu yawo ya tiyi: "A Enoki, ayezi akusungunuka m'bokosi la katemera inu mukuotha injini." Kuotha injini ine?

Lachitatu, 4 Julaye
Komweko. Kalata yopempha batire yatsopano ndinalemba mu Meyi. Lero ndaiona patebulo pa a mayi Rozi, aikapo mtsuko wa maluwa. Ndawakumbutsa. Akuti vuto si batire, vuto ndi ine, ndimaonongera dala kuti ndizichedwa. Akuti anthu ofuna ntchito yoyendetsa ndi ambiri pa boma. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuzungulira midzi ya kwa Mavwere ndi bokosi limeneli, zinayi mwa izo pa njinga yakapalasa, lero ndine waulesi. Mtima ukuwawa.

Madzulo mlamu wanga Mateyu, wazaumoyo wa pano, amafuna kuyesa njingayo pabwalo. Iye anazolowera tinjinga ting'onoting'ono. Ndamuuza chinthu chimodzi: alamu, kofiirako kakamaphethira musanyamuke, olo akuthamangitseni ndi chikwanje. Waseka.

Loweruka, 7 Julaye
Alendo amene amathandiza chipatala akubwera Lachiwiri m'mawa kudzaona katundu wawo. Ndiye pabwalo psepse, miyala yapakidwa laimu, makatani achapidwa. Ine a mayi Rozi andiitana mu ofesi. "Alendo asaone chofiira chilichonse pa njingayo. Akaona, mudziwe kopita." Ndati mayi, tiwauze zoona, mwina atigulira batire. Akuti ndikufuna kuwachititsa manyazi pamaso pa azungu. Haa! Manyazi ndiye aakulu kuposa khosi la munthu?

Lachiwiri, 10 Julaye
Ndachita. Kachidutswa ka pulasitala wa mabala, ndadula mozungulira ndi sizasi ya m'chipinda cha mabandeji, ndamata pa kanyali, ndadetsa ndi cholembera chakuda. Osaoneka ngakhale pang'ono. Palibe wandiona. Alendo aliza njinga, ajambula zithunzi, ine chilili pambali pake mano pamtunda ngati chitsiru. Mmodzi wandigwira paphewa, akuti ndimaisamala bwino. A mayi Rozi alendo atapita: "Mwaonatu? Mukafuna mumakonza." Sanafunse kuti ndakonza bwanji. Safuna kudziwa.

Lachisanu, 13 Julaye
Pulasitala akadali pomwepo. Ndimati ndichotsa Lachitatu, koma masiku atatu awa palibe wanditokota. Ndimalawirira, kuliza, kudikira, kuzimitsa, kulizanso iwo asanatuluke m'nyumba. Kanyali sindikukafuna, khutu langa limadziwa: mabuleki akadzuka amalira nzwii ukagwira chogwirira. Ndichotsa Lolemba.

Uthenga wafika masana, azakhali atisiya kwa Zulu. Ndinyamuka mawa pa matola. Kiyi ndatenga, ali m'thumba mwanga. Njinga ipume mpaka ndibwere.

Lachiwiri, 17 Julaye
Mulungu wanga.

Kiyi wina a mayi Rozi anali naye mu kabati. Sanandiuzepo n'kale lonse. Dzulo m'mawa anatuma Mateyu kuti akasiye katemera kutsidya, akuti ana sangadikire maliro a eni ake. Pa mtsetse wa kudambo, ngolo ya chimanga kutsogolo, mlatho wopapatiza uja. Wagwira buleki, palibe. Mwendo wathyoka pawiri, nthiti zitatu. Anamunyamula ndi eni ngolo omwewo.

Munthu wosaizolowera mukumupatsa chinjinga chonga ng'ombe, m'chisanu chotere, osandifunsa? Foni ndili nayo! Maliro anali kumwamba ngati? Ndawalalatira pakhonde, odwala akuonerera. Sindinasamale. Iwo angoti tikambirana Lachisanu pamaso pa komiti ya chipatala.

Lachitatu, 18 Julaye
Ku chipatala cha pa boma. Mlongo wanga wakhala pansi pambali pa bedi, maso otupa, wakhanda kumsana. Mateyu mwendo m'mwamba, akuyankhula movutika koma akufuna kundipepesa. Iye kupepesa ine! "Alamu, ndinachita monga munanenera. Ndinayang'ana kawiri. Kofiira kanalibe."

Ndinatuluka panja ngati ndikukagula nthochi. Ndinaima kuseri kwa mpanda nthawi yaitali.

Lachinayi, 19 Julaye
Njinga aibweretsa pa ngolo, ili mu shedi. Foloko yapindika, galasi laphwanyika, koma pulasitala ali nga! pamalo pake. Pulasitala wathu ndi wabwino, pokhapo sindingatsutse.

A mayi Rozi andipeza m'menemo. Mawu ofewa lero, a Enoki a Enoki. Akuti mawa tingonena kuti Mateyu amathamanga, komiti imva, nkhani ithe. Iwo asatchulidwe za kiyi, ine ntchito ikhalepo. Akuti batire aitanitsa kale. Lero! Kalata yaoneka pansi pa maluwa! Anayang'ana pa kanyali paja, kenako kwa ine. Ndiye kuti akudziwa, mwina anadziwa kuyambira tsiku la alendo.

Ndikanangokanda ndi chala, kamodzi kokha, umboni watha. Ndinaika chikhadabo m'mphepete mwake. Ndinachotsa dzanja.

Ndakwiya nawo mayi amenewa. Koma sizasi anagwira ndani? Cholembera? Lachitatu lija, Lachinayi, Lachisanu, anandiletsa kuchotsa ndani? Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo wajiwa si ine.

Mkazi wanga akuti ganizira ana. Ndikuganizira. Ana a Mateyu nawonso ndi atatu.

Lachisanu, 20 Julaye
Chisanu ngati cha tsiku lija. Komiti ikumana 9 koloko mu ofesi. Ndapempha alonda andithandize kukankha njinga mpaka pakhomo pa ofesiyo, batire ikadali yozizira. Ndiiliza onse akuona. Kenako ndimatula pulasitala uja ndekha.