Batani Limodzi pa Sabata

Lolemba, 3 Malichi

Lendi ndalipira, alandilodi mpaka kundimwetulira, zimene sindinazionepo chilowereni m'nyumba muno. Ndalama yake ndi ya pa bulogu, ya zotsatsa malonda zija zimatuluka m'mbali mwa nkhani. Aja anandichotsa ntchito ku nyuzipepala ati tachulukana, ndimalakalaka atandiona.

Koma ndinene zoona, poti muno sawerengamo munthu. Ndakatulo zanga palibe ankazifuna. Zounika mabuku ndiye ndinkangodziwerengera ndekha. Anthu anayamba kukhamukira pa tsamba langa tsiku limene ndinalemba za abambo akukangana ndi wailesi. Kuyambira pomwepo ndi “Madala a Singano” Lachisanu lililonse. Dzina sinditchula, chithunzi ndi cha manja awo okha ali pa makina osokera.

Eni ake sadziwa. Amaona ngati ndimatayipira anthu makalata. Chimwalirireni amayi akukhala ndi ine, ndipo pa tebulo nkhani sizitha. Ine khutu tcheru, tikangosamba m'manja ndili pa laputopu. Mutu ukakoka ndimalemba zingapo n'kuziika pa mzere, ndiye zimatuluka zokha tsiku lake likakwana, kaya ndili m'bafa kaya mu basi.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndimafuna sizasi m'kabati mwawo, ndapeza chitini cha mabisiketi chodzaza ndi mabatani atsopano. Munthu woti anasiya kusokera anthu kalekale, maso anafooka. Nditawafunsa anayamba kutsokomola, kenako akuti khala pansi.

Kani ndi mayi a mabatani! Mayi wamasiye uja ali ndi kashopu ka ulusi ndi mazipi kuseri kwa siteji ya basi. Akuti sabata iliyonse amakagula batani limodzi lokha, chifukwa akagula ambiri asowa chobwererako. Ine kuseka mpaka misozi, iwonso kuseka. Kenako anasiya kuseka, n'kundiuza mawu amene akonza kuti akanene kwa mayiwo: akuti iwo ndi jekete lakale, koma nsalu yake ikadali yolimba, langosowa wolikonza. Anafunsa ngati amayi akanakhumudwa. Ndinati ayi, akanayamba ndi kukusekani. Anandigwira dzanja.

“Mchimwene wako usamuuze kaye. Ndauza iwe wekha.”

Ndalemba. Ndimati ndingoisunga kuti ndisaiwale, koma yatuluka bwino moti sindinalembepo yotere. Ndaiika pa mzere, osati ya mkujayi, ya Lachisanu linalo. Pofika pamenepo adzakhala atanena kale, tidzangoseka tonse.

Lachisanu, 7 Malichi

Lero yatuluka ya mano oikirira, ija anagwera m'sinki abusa ali pakhomo. Foni siikupuma. Ena ogulitsa magalasi a maso alemba kuti akufuna kutsatsa pa tsamba langa. Ndagula nyama.

Loweruka, 8 Malichi

Abambo anapita kokameta, abwera mutu wometedwa mbali imodzi.

Angolowa kuchipinda n'kutseka. Ndinathamangira kwa ometa. Iwo akuti pepani, sitimadziwa kuti sakudziwa. Wina ankawerenga nkhaniyo mokweza pa foni, shopu yonse ikufa nazo, ndiye ometa anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ananso chala chokhota chija chili pa mkono wa mpando. Anangoti, “Aa, si inu Madala a Singano?” Anthu n'kuyamba kuwafunsa ngati manowo ali m'kamwa lero.

Ine ndimati manja alibe nkhope. Chala chija mzinda wonse unachiona chikuwayeza m'chiuno.

Chakudya chili pa tebulo, chazizira.

Lamulungu, 9 Malichi

M'mawa atuluka atavala chipewa n'kundiuza kuti ndibweretse makina angawo. Akuti werenga, ndimve mmene ndimaseketsera. Ndinawerenga ya mano yonse. Malo amene anthu amati anafa nawo kuseka, m'nyumba munangomveka filiji. Manyazi ake sindikudziwa ndiwalembe bwanji, ine wolemba.

Anafunsa kuti amawerenga ndi anthu angati, ndinati ambiri. Anafunsa ngati amalipira, ndinawafotokozera za zotsatsa zija. Anagwedeza mutu.

“Ndiye kuti nyumba ino ndimalipira ndine, osadziwa. Ukanandipempha, ya wailesi mwina ndikanalola. Ya mano ayi.”

Ndinalira, ndinapepesa, ndinalonjeza. Ndinachotsa nkhani zonse imodzi imodzi iwo akuona, mpaka pa tsamba panatsala ndakatulo zanga zopanda owerenga zija. Anati chabwino, n'kundipempha kuti ndiwamalize kumeta ndi sizasi. Ndawameta pakhonde. Mutu walingana.

Lachiwiri, 11 Malichi

Achimwene aimba. Ati ndavula bambo wanga pagulu chifukwa cha ndalama, ati sukulu inandipengetsa. Inenso mtima unakwera. Ndinawafunsa kuti mankhwala a shuga amagula ndani, iwo amene amabwera kamodzi pa mwezi ndi buledi m'manja ngati akudzaona mkaidi. Anadula foni. Choipa n'chakuti sananame.

Lendi ya mwezi wamawa sindikudziwa ichokera kuti. Ndalembera ntchito kwa osindikiza mabuku a sukulu, akufuna wokonza zolakwika. Andiitana Lachisanu.

Lachinayi, 13 Malichi

Abambo abwerera mwakale. Andipindira siketi yoti ndikavale mawa, akuti sungakafune ntchito ukusesa msewu. Pa tebulo anasimba za kasitomala wina amene ankayezetsa atakoka mimba, suti n'kumuthina, iye n'kumati telala ndi mbava ya nsalu. Ndinaseka, laputopu sindinaiyandikire.

Akuti Loweruka akukanena kwa mayi a mabatani. Jekete lasitidwa kale.

Lachisanu, 14 Malichi

Kalanga ine.

Ndinachotsa zimene zinatuluka kale. Zodikira pa mzere zimakhala malo ena, ndipo sizinabwere n'komwe m'mutu mwanga. Ya mabatani yatuluka yokha m'mawa, ine ndili pa benchi kwa osindikiza, foni nditazimitsa kuti ndioneke munthu wamakhalidwe. Anatisunga mpaka masana. Poiyatsa ndili pa siteji, mauthenga anangoti wirrr. Ndinakhala pa mwala.

Ndaichotsa pomwepo, koma anthu anali atajambula kale n'kumatumizirana. Muli zonse: chitini, batani limodzi, jekete lakale, ngakhale funso la amayi lija. Ndinalembamonso kuti shopu ili kuseri kwa siteji, ati kuti nkhani ikome. Wina walemba kuti mayiwo akuwadziwa.

Ndafika kunyumba ndawapeza akupolisha nsapato, akuimba. Andifunsa za ntchito, ndati zayenda bwino. Ndikudzinamiza kuti mayi aja ndi achikulire, za pa foni sazitsata. Ndiwauza m'mawa.

Loweruka, 15 Malichi

Sindinawauze. Anatuluka kuchipinda atatchena, akununkhira sopo, n'kundifunsa ngati tayi yakhala bwino. Ndinawakonza tayi. Ine ndemwe, ndi manja angawa, n'kuwatsegulira chitseko.

Sanachedwe. Anakhala pa mpando osavula jekete, chipewa pa bondo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anasimba ngati za munthu wina. Kuyambira dzulo anthu akhala akulowa m'shopu muja kudzafunsa batani limodzi, akuseka. Mayi wina anawerengera mayi a mabatani nkhani yonse pamaso pa makasitomala. Abambo atangoyamba kulankhula, mayiwo anawadula mwaulemu, akuti za jekete ndamva kale, bambo, pitani bwino.

Ndinagwada, ndinafotokoza za mzere uja, kuti zimatuluka zokha. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

“Kutuluka yatuluka yokha, ndamva. Nanga kulemba inadzilembanso yokha?”

Kenako anafunsa ngati m'mawa uja ndimawakonza tayi ndinali ndikudziwa. Ndinati eya. Anadzuka n'kukavula jekete.

Lolemba, 17 Malichi

Tsamba silinapangepo ndalama ngati Lachisanu lija. Ndinaona n'kutseka laputopu.

Lachitatu, 19 Malichi

Amadya, amamwa mankhwala, amathokoza. Ndikafunsa kuti mwadzuka bwanji amati ndadzuka. Wailesi ikanena zopusa amangoiyang'ana. Dzulo ndinayambitsa dala za ndale, ndinanena zoti ndikudziwa kuti amadana nazo, anangoti mwina ndi choncho.

Achimwene anabwera kuti awatenge. Akana, akuti masitepe a kuno anawazolowera. Ine ndinali kukhitchini, sananditchule.

Osindikiza anditenga, ndiyamba Lolemba. Ndawauza, ati zikomo kwa Mulungu.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi a mabatani. Kashopu kakang'ono, ulusi wa mitundumitundu mpaka kudenga. Nditangonena kuti ndine ndani anatseka chitseko n'kundipatsa mpando, zimene sindimayembekezera. Ndinati abambo alibe mlandu, wolakwa ndine, mawu aja anali oona ndipo anali a inu nokha.

Anati akudziwa. Akuti anazindikira kalekale, palibe telala amagula batani limodzi, ndipo Loweruka lililonse ankavala ndolo. Koma tsopano ana awo akwiya, mpongozi wawo akufunsidwa kuntchito, anyamata a pa siteji amawakuwiza akamadutsa. Pa msinkhu wawo sangakhale nkhani ya pa foni.

“Ndikanavomera,” anatero, akukulunga tepi pa chala. Kenako anandiyang'ana. “Koma izi musakalembe, mwanangu.”

Ndinalumbira kuti sindilemba. Ndipo taonani, ndalemba muno. Abambo ndiwauze kuti akanavomera? Sindikudziwa ngati kungakhale kuwatonthoza kapena kuwamaliza. Ndangowagulira malalanje.

Lachiwiri, 25 Malichi

Tsiku lachiwiri kuntchito, tinaweruka msanga magetsi atazima. Ndinaiwala kuti lero kukubwera okonza mipope. Ndikukwera masitepe ndi jumbo m'manja, ndinamva mawu a abambo. Mawu awo enieni, okwera, aja amatsanzira anthu. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Okonza mipope ali pansi pa sinki akuseka, sipanala ikugunda paipi.

Ankasimba za suti yawo yoyamba, ya mkwati, imene mkono wina unatalika kuposa unzake, ukwati uli mawa lake. Ine nkhani imeneyi sindinaimvepo. Ndinaima pomwepo ngati wakuba. Anafika pakuti mkwati wagogoda, iwo abisala kuseri kwa nsalu. Ndiye ndinadzipeza m'mutu ndayamba kale kukonza chiganizo choyamba, mpaka mutu wa nkhani.

Ndikanalowa akanasiya, ndikudziwa. Ndikanaima pomwepo ndikanaba. Ndinatsika pang'onopang'ono nsapato zisamveke, n'kukakhala pa sitepe yomaliza, pamene sipafika mawu, jumbo pa miyendo.

Patapita nthawi okonza mipope anatsika ndi chikwama chawo, akupukuta misozi. Akuti sinki yatheka, koma abambo anuwa ndi munthu wa nkhani, inu muli ndi mwayi. Ndinati eya. Sindinawafunse kuti mkwati uja anatani.