Dengu la Mafoni pa Isitala

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Kafue tadzuka, kungoti udzudzu wa mumtsinjewu sunamve kuti mvula yatha. Ndine Esinati wanu, uja munamupereka ku ntchito ya Mulungu asanadziwe n'komwe kumanga chitenje. Chaka chakwana chichokereni inu, ndipo ndati ndikhale pansi ndikuuzeni zonse, zokoma ndi zonunkha zomwe. Pofika Lamulungu likubwerali mwina ntchito munandiperekako ija ndikhala ndilibe, ndiye ndi bwino mumve kwa ine mwini.

Ndiyambe ndi zakumudzi, ngakhale ndimazimva kudzera kwa Tamala yekha. Mng'ono wangayo anatipatsa mwana wamkazi mu Januwale, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akamalira amakwinya chipumi mmene munkachitira inu mukapeza mbale zosatsuka. Chimanga cha kumunda wakumtunda chachita bwino, koma mtedza anabzala mochedwa, ndiye musayembekezere zambiri. Mbuzi yanu yamawanga ija ikadali moyo, ikuyambanitsabe anthu m'madimba. Achimwene a Yohane okha ndiwo sandiyankhulabe. Ndikaimba amapatsira foni alamu.

Chifukwa chake mwina simukuchidziwa, poti inu munali mutagona. Kuno ku mishoni kwathu, ku Kafue Estates, tili ndi mwambo sabata ya Isitala. Lachinayi m'mawa mtumiki aliyense amaika foni yake m'dengu, ndipo dengulo limakhala kunsi kwa tebulo lakutsogolo m'tchalitchi mpaka Lamulungu tikaweruka. Amati tisiye za dziko, tiyang'ane mtanda. Foni yotsala yoyatsa imakhala imodzi yokha, ya Abusa a Chikuse, mtsogoleri wathu, Mmalawi mnzathu amene tinabwera naye basi imodzi. Akuti imeneyo ndi ya zadzidzidzi.

Inu munatisiya Lachinayi lomwelo chaka chatha. Achimwene anayesa foni yanga, yozima. Anaimbira abusa, abusa n'kuyankha kuti, "Uthenga wafika, pepani kwambiri." Koma uthengawo unathera m'thumba la jekete lawo. Kunali alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, aja amathandiza mishoni, ndipo wowamasulira Chingerezi ndinali ine, woyambitsa nyimbo ine ndemwe. Lachisanu ndinaimba mpaka mawu kusasa. Loweruka, pamene ankakutsitsirani m'manda ku Dedza, ine ndinali ku Nangongwe kuonetsa alendo odwala athu, mano ali pamtunda kuti atijambule. Lamulungu titaweruka m'pamene abusa anandiitanira pambali, nkhope ataigwetsa.

Ndinafika kumudzi Lachiwiri, nkhata za maluwa zitafota. Achimwene sanandipatse dzanja. Anangoti, "Tinaimba Lachinayi masana, abusa ako anati wamva." Ndinalumbira kuti sanandiuze, iwo n'kundifunsa ngati m'busa anganame. Mpaka lero mudzi wonse umadziwa kuti Esinati anasankha kuimbira azungu nyimbo kusiyana ndi kuika mayi ake. Amayi, ndikananyamuka Lachisanu m'mamawa ndikanakupezani musanatuluke m'nyumba.

Nditabwerera kuno ndinawafunsa abusawo. Anandiwerengera vesi, n'kunena kuti anafuna ndimalize ntchito ya Ambuye ndi mtima umodzi, poti ngakhale ndikanapita sindikanakudzutsani. Ndinangowerama n'kutuluka. Mukudziwa amene anandiphunzitsa kukhala chete? Ndinu. Tsiku lija mumandiperekeza ku basi munati, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata." Munatinso m'busa sabwezeredwa mawu. Ndameza mawu chaka chathunthu, ndipo ndikuuzeni poyera kuti masiku ena ndimakwiyira inu kuposa abusawo. Munandiphunzitsa kugwada, koma simunandiuze kuti ena ukawagwadira amakuponda pamsana.

Tsopano imvani za chaka chino. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuyendera odwala ku Nangongwe, kuwasambitsa, kuwachapira, kuwaphikira phala. Mmodzi wa iwo anali aNachisale, mayi wa ku Ntcheu amene anabwera kuno ali mtsikana, kutsatira amuna awo ku fakitale ya feteleza. Amunawo anamwalira kalekale, iwo n'kutchona, Chichewa chawo n'kusanduka cha kuno. Musaganize kuti anali gogo wokoma. Anakangana ndi mzere wonse wa nyumba zawo, mpaka ana ankalambalala pakhomo pawo. Ine ankanditcha ka Sista ka manja ozizira, ndipo phala langa ankati, "Aya ni manzi chabe." Komabe ndikamawapukuta msana ndinkaona msana wanu, umene sindinausambitse.

Mwana wawo ndi mmodzi, Bonifasi, amagwira ntchito kutali ku Kitwe. Atabwera pa Khirisimasi anandisiyira nambala yake, poti mayi ake foni analibe ndipo oyandikana nawo onse anali atawatukwana. Nambalayo inali mufoni mwanga mokha.

Lachinayi m'mawa ndinaponya foni m'dengu monga mwa mwambo, n'kukwera minibasi. Ndinawapeza aNachisale atasintha. Mapazi ozizira, mpweya wapamwambapamwamba, ndipo phala analikana osalinyoza n'komwe. Apo ndinadziwa kuti zafika. Anandigwira dzanja nati, "Iwe Sista, mutumile foni Boni. Umuuze abwele manje manje. Nifuna nimuone, olo ni chipuba." Chipuba kuno ndiye chitsiru, Amayi, ndipo kwa aNachisale amenewo anali mawu achikondi.

Ndinabwerera chothamanga. Abusa ndinawapeza akukonza beseni ndi thawulo za mwambo wosambitsa mapazi, poti alendo aja abweranso ndi makamera awo. Ndinagwada monga munandiphunzitsira. Ndinapempha foni yanga kwa mphindi ziwiri zokha, ndikope nambala ya Bonifasi basi. Iwo osandiyang'ana n'komwe anati, "Mayi Esinati, mwambo ndi mwambo. Tikatsegula dengu chifukwa cha inu, titsegulira aliyense. Tidzamuimbira Lamulungu tikaweruka, Mulungu awasunga." Lamulungu tikaweruka! Munthu yemweyo, jekete lomwelo, chaka chimodzi chokha chitadutsa. Ndinadzuka n'kuwasiya ndi beseni lawo.

Madzulo ake tchalitchi chinadzaza. Abusa amasankha anthu khumi ndi awiri oti awasambitse mapazi, ndipo chaka chino anaika ine pa benchi, kumapeto kwenikweni. Kaya kumeneko ndiko kunali kupepesa kwawo, kaya ankafuna alendo aone kudzichepetsa, sindikudziwa. Anabwera chokwawa ndi mawondo, mmodzimmodzi, kwaya ikuimba motsitsa. Atafika pa ine ndinabweza mapazi kunsi kwa benchi. Anakweza maso. Ndinati, "Asiyeni, Abusa, ngoyera kale. Sanaponde matope a kumanda tsiku loika amayi anga."

Sindinanong'one, Amayi. Kwaya inadukiza nyimbo pakati. Ndinaimirira wopanda nsapato, kukasolola dengu kunsi kwa tebulo, kufufuza foni yanga pakati pa zinzake, n'kukamuimbira Bonifasi nditaima pakhomo penipeni pa tchalitchi kuti aliyense amve. Mlendo wina ankafunsa kuti chachitika n'chiyani, koma panalibe womumasulira.

Lachisanu Loyera sindinaponde kutchalitchi. Ndinakhala pamphasa pambali pa aNachisale, kuwanyowetsa milomo ndi supuni, kuwaingira ntchentche. Nyimbo za mtanda ndinaimbira komweko, iwo n'kutsegula diso limodzi nati, "Uimba monga mbuzi." Bonifasi anafika dzuwa litapendeka, fumbi la ulendo lili m'mutu. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Wabwela chabe so, ulibe na shuga?" Bonifasi, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anagwada n'kulira mokweza, iwo dzanja lili pamutu pake. Anamwalira Loweruka m'mawa, mwana wawo atawagwira.

Lamulungu la kuuka kwa Ambuye linandipeza pamaliro, ndikutunga madzi ndi kudula kabichi. Aja anatukwanidwa onse anabwera, n'kumasimba matukwanowo akuseka ndi misozi. Lachiwiri ndinali m'gulu la amayi osambitsa thupi. Mukukumbuka chitenje cha maluwa obiriwira chija ndinakuuzani pafoni kuti ndakugulirani, ndidzabwera nacho Isitala ikatha? Chakhala m'sutikesi chaka chonse, sindinkatha n'kuchiyang'ana komwe. ANachisale ndinawafunditsa chimenecho. Kumanda ndinatapa dothi kawiri. Musachite nsanje, lachiwirilo linali lanu.

Dzulo akuluakulu a mpingo anandiitana. Akuti ndanyoza mwambo woyera, ndachititsa manyazi mtumiki wa Mulungu pamaso pa alendo, ndathawa mapemphero a masiku atatu. Palibe anafunsa ngati Bonifasi anawapeza mayi ake ali moyo. Palibe anatchula inu. Chigamulo chawo n'chakuti Lamulungu likubwerali ndikaime kutsogolo ndipepese abusa pamaso pa mpingo, apo ayi andilembera kalata yondibweza ku Malawi. Mkulu wina wa konkuno, bambo wofatsa ndithu, ananditsatira panja nati, "Ba Sista, pepesani chabe, vizasila. Aba odwala muzabasiyila ndani?" Vizasila ndiye kuti zitha, Amayi, koma pa odwalapo ndiye pondipweteka. Pali bambo wina wa zilonda zakumsana amene salola munthu wina kumutembenuza koma ine, ndipo abusa akudziwa bwino lomwe kuti chingwe chondimangira ndi chimenecho.

Ndikudziwa mukanati chiyani. Mukanati, "Mwanawe, tsitsa mtima, ndiwe mlendo m'dziko la eni." N'chifukwa chake ndakulemberani nditaganiza kale, kuti musandibweze.

Kutsogoloko ndikaima, Amayi, koma foni ili m'manja. Ndikaimbira Achimwene a Yohane, ndipo ndapangana kale ndi Tamala kuti akhale nawo pafupi, awaumirize kuyankha. Ndikaikweza mawu kuti mpingo wonse umve, n'kuipereka kwa Abusa a Chikuse. Awauze okha ndi pakamwa pawo tsiku limene anandiuza za imfa yanu. Akatero ndigwada, ndipepesa, ndipo mapazi angawa asambitse mpaka akhutire. Akakana, asavutike n'kulemba kalata, sutikesi ndalongedza kale.

Mundikhululukire, phazi lokha landikanika kusiya. Mlomo ndausiya ku Kafue, ndipo ukafuna unditsate. Kaya ndibwera ndi ulemu kaya chothamangitsidwa, chimanga chisanalowe m'nkhokwe ndidzafika pamanda anu ndi tsache, ndidzasesa ndekha, ndipo ulendo uno palibe adzanditumizire uthenga mochedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale mtima ukadatentha,

Esinati