Kaundula wa Zidole za Khirisimasi

Manta, 14 Januwale 2024

Okondedwa Achemwali Narcisa,

Lachiwiri lapitali, ndikutsuka galimoto ya abwana kufakitale, pafoni panga panabwera chithunzi cha mwana wathu Maite. Ndi chija ndinamujambula ndekha atavala yunifolomu, akuseka, dzino lakutsogolo palibe. Pansi pake analemba dzina la sukulu yake, nthawi imene amaweruka, ndi msewu wa kwathu. Anthu amene anachitumizawo akuti akufuna madola 300, apo ayi akamutenga okha pageti la sukulu.

Pepani kuti ndayamba chonchi osakupatsani moni. Ine ndi mlamu wanu Yesenia tili moyo, tulo tokha ndiye tinathawa. Ndalemba papepala chifukwa foni sindikuikhulupiriranso, ndipo kalatayi ndapatsira Don Efraín, wa lole yobweretsa nsomba kwanuko ku Loja.

Mukudziwa kuti chaka chilichonse fakitale imatipatsa dengu la Khirisimasi: mpunga, mafuta, nkhuku, zitini za nsomba zomwe timapakira tokha, ndi chidole cha mwana aliyense. Kale tinkangolembetsa m'kope. Chaka chathachi anati zonse zilowe mukompyuta, dzina la mwana, sukulu yake, kumene amakhala ndi chithunzi, ati pofuna kugwira olembetsa ana a eni. Tonse mazana anayi tinapereka. Ndani akanakana chidole?

Dalaivala amamva zambiri, achemwali, chifukwa anthu amaiwala kuti ali ndi makutu. Mu Novembala ndinanyamula abwana, Don Fausto, pamodzi ndi mayi Ximena amene amayang'anira makompyuta. Mayiwo anadandaula njira yonse. Ankati mayina a anawo akusungidwa ngati ndalama m'nyumba yopanda chitseko, ndipo akuluakulu onse apatule m'mawa umodzi wokha awaphunzitse mmene akuba a masiku ano amalowera. Abwana anaseka n'kuwayankha kuti, "Ximena mwana wanga, ine ndimagulitsa nsomba. Za mabatanizo ndiye ntchito imene ndimakulipirira iweyo. Ndani angabe mayina a anthu opala mamba?"

Tsopano ndikuuzeni chimene Yesenia sakudziwa. Pa 12 Disembala abwana ankadya ndi ogula ochokera kunja, foni yawo atandisiyira m'galimoto monga amachitira nthawi zonse. Inalira. Anali bambo waulemu kwambiri, ati akuimba kuchokera kukampani ya makompyuta. Anati atumiza manambala pafonipo, ndiwawerengere msanga, apo ayi malipiro a Khirisimasi satuluka. Ine ndinakayika. Ndinathamangira mkati n'kuwanong'oneza abwana. Sanatembenuke n'komwe, anangokweza foloko.

"Apatse zimene akufunazo, Wilmer, usandisokoneze."

Ndinawerenga manambalawo, asanu ndi imodzi, pang'onopang'ono kuti ndisalakwitse. Bamboyo anandithokoza, anati Mulungu adalitse banja langa. Chitseko chija ndinatsekula ndine, ndi pakamwa pangapa. Ine ndinalekera sukulu panjira, mukudziwa, koma iwo mapepala awo adzaza khoma la ofesi. Mmodzi wa ife amayenera kudziwa, ndipo sindikuganiza kuti ndi ine. Komabe mawu amene anamveka pafonipo ndi anga.

Chimene chikundidya kwambiri n'chakuti pofika pa 20 Disembala anali atadziwa kuti kaundula yense wabedwa. Mayi Ximena anawapempha kuti atiuze tsiku lomwelo, tisinthe manambala a foni ndi kuchenjeza aphunzitsi. Abwana anakana, ati ogula akunja akamva athawa, tidikire zikondwerero zithe. Ndiye pa 22 tinavina pabwalo la fakitale, Maite akuimba ndi anzake, abwana akugawa zidole atavala chipewa chofiira, akudziwa zonse. Mayi Ximena anasiya ntchito chaka chisanathe. Zimenezi anandiuza okha pageti atanyamula katoni yawo, maso ali ofiira.

Sabata ino atiitana mmodzimmodzi kuofesi. Akutipatsa madola 50 tikasaina pepala loti sitilankhula ndi atolankhani. Chucho wa kuchipinda chozizira analiwerenga mokweza pamzere, kenaka anati, "Abale, mwana wanga ndi tayala limodzi la galimoto ya abwana mtengo wake ndi umodzi. Bola tayalalo lili ndi mlonda." Anthu anaseka, koma kuseka kwa pamaliro. Madzulo ake ndikuwaperekeza kunyumba, abwana anandiyang'ana pagalasi n'kundifunsa kuti, "Za foni ija, ine ndi iwe sitikuzikumbuka, eti?" Ndinati inde bwana. Pepalalo ndinasaina. Musandiweruze, lendi sadikira.

Kupolisi tinapita, tinapezako anzathu ambiri pamzere. Analemba zonse, akuti akufufuza. Koma anthu aja akufuna ndalamazo pofika Lachisanu likubwerali, ndipo Maite sanapondenso kusukulu chibwerere chithunzicho. Njinga yamoto ikangoima panja, Yesenia amamulowetsa kubafa.

Pempho langa ndi ili. Mutisungireko mwanayu. Akwera basi ndi amayi ake Lachitatu, afika kwanuko Lachinayi m'mawa. Yesenia abwerera tsiku lomwelo chifukwa akapanda kuoneka pamakina ake amuchotsa ntchito. Sindikudziwa kuti mukhala naye mpaka liti, ndipo sindikunamizani kuti ndi masabata awiri.

Kwanuko kumazizira, iye sanazolowere, amatsokomola. Mankhwala ali m'thumba lakutsogolo la chikwama, kasupuni kamodzi akamagona. Anyezi sadya, koma mukamudulira ting'onoting'ono sazindikira. Musamujambule. Musamulembetse paliponse pamene akufunsa dzina ndi chithunzi, ngakhale kutchalitchi, ngakhale akulonjeza chiyani. Iye akudziwa kuti akupita kukaona mbuzi za alamu a Segundo, musamuuze zina.

Abwera ndi chidole chija. Kawiri konse ndachitenga kuti ndikachitaye kunyanja, koma sagona popanda icho. Anachipatsa dzina loti Fausta, ati chifukwa abwana a adadi ndi abwino. Mumusiye nacho.

Mundiperekere moni kwa alamu a Segundo, muwauze kuti chifundo chawo sindidzachiiwala. Mukapita kumanda a amayi muwauze kuti mdzukulu wawo wabwera, koma chifukwa chake musatchule. Maite akafunsa za ine, muzimuuza kuti adadi ali kuntchito, akuyendetsa abwana. Limenelo si bodza.

Ine mlongo wanu,
Wilmer

Anthu aja ndawapatsa kale madola 120, kuphatikizapo 50 ya pepala lija. Ndinali nditapezanso 40 pogulitsa wailesi ya kanema, koma ndagulira matikiti a basi. Atsala madola 180.