Kiyi wa Sefa Yanga

Lolemba, 9 Juni

Akundilembera ndi mayi a ana, poti maso anga achita ng'ala. Ndawauza kuti alembe zimene ndanena, osathirako zawo.

Ana ndili nawo anayi. Woyamba amayendetsa sitima ya pamtunda, sanagundepo ngakhale mbuzi. Wachiwiri ndi namwino, jakisoni wake anthu amachita kumulimbirana. Wachitatu amaimba pa wailesi, ngakhale nyimbo zake ine sindizitola. Mzime, wamkazi, amadula makiyi ndi kukonza maloko ndi ine kushopu. Ameneyo akuphunzirabe.

Lachinayi andichita opaleshoni. Lachisanu ndi tsiku losainira pangano latsopano la lendi ya shopu. Mwini nyumba wati tikapanda kusaina, chipinda apatsa wometa woyandikana nafe, amene wakhala akuyeza khoma langa ndi maso chaka chonse.

Lachiwiri, 10 Juni

Kwa loya. Wati pali chikalata chopatsa mwana mphamvu yosaina m'malo mwanga. Ndafunsa ngati mphamvuyo imabwezedwa ngati wilibala yobwereka. Wati eya. Ndasankha mzime, poti enawo ali kutali. Ndadinda chala bwinobwino, osagwedera. Loya wati chikalatacho ndisunge pabwino. Ndamuseka. Akuuza ndani?

Lachitatu, 11 Juni

Ndachitsekera m'sefa ya kushopu, bokosi lachitsulo lija ndinapanga ndekha. Ukangokankha chitseko, limadzikhoma lokha. Palibe munthu analitsegulapo popanda kiyi. Akuba anayesa, anathawa n'kusiya nyundo, ndipo ndikuigwiritsabe ntchito.

Mzime anati bwanji angosunga iye. Ndamuuza kuti mphamvu sayenda nayo m'chikwama ngati mafuta odzola. Kiyi wa sefa ndamangirira m'khosi, mulu wa makiyi enawo ndaponya momwemo kuti asasowe. Anafuna kuona amene ndasankhayo, ndakana. Ine kiyi ndimamudziwa ndi chala.

Lachinayi, 12 Juni

Opaleshoni yatha, maso awamata ndi bandeji. Chakudya cha kuchipatala kuno chilibe mchere.

Lachisanu, 13 Juni, m'mawa

Mzime wabwera kudzatenga kiyi. Ndamuvula m'khosi mwaulemu wake. Wamuyang'ana kiyiyo, kenako wati, "Bambo, uyu ndi wa kuchimbudzi cha kuseri kwa shopu."

Apa mayi a ana anayamba asiya kulemba. Akuti ndi chifuwa. Chifuwa ndimachidziwa, sichilira choncho.

Ndiye kuti wa sefa ali m'sefa momwemo, pamodzi ndi kiyi wake wachiwiri, pamodzi ndi chikalata. Mwini nyumba wati popanda chikalata salola mwana kusaina, ndipo dzuwa likalowa basi. Wometa akuti wagula kale galasi lalikulu.

Mzime wati akayesa kutsegula. Ndati sizingatheke. Wati ndiye shopu yapita. Ndagona chagada osadziwa chopempherera. Sefa ikatseguka, dzina langa lapita. Ikakana, tizikadulira makiyi pansi pa mtengo.

Lachisanu lomwelo, masana

Mzime anandiimbira foni ali kushopu kuti ndizimva. Ndinayamba kumulangiza za waya woti atenge ndi mbali yoti akhotetsere. Iye anati, "Bambo, takhalani chete ndimve loko."

Chibadwire sindinauzidwepo zimenezo, komanso pa sefa yanga. Mkulu wa bedi loyandikana anati ndimvere mwana. Ndinamuuza kuti asamale chotupa chake.

Ndinamva tupa, kenako waya akukanda. Kenako kwete. Kulira kumeneko ndimakudziwa ngati kutsokomola kwanga. Ndafunsa mayi a ana kuti zatenga nthawi yaitali bwanji. Ati tiyi wawo anali asanazizire. Ndati alembe kuti anazizira. Akana.

Mzime wasaina. Shopu ndi yathu.

Loweruka, 14 Juni

Mzime wabwera ndi malalanje. Ndamufunsa kuti analowera pati. Wati sangandiuze, ndi chinsinsi cha ntchito. Mwana wobereka ndekha! Wafunsa ngati chikalata abweze ndikatuluka. Ndati ayambe wasunga, m'chikwama momwemo.

Mayi a ana, lembani bwino apa, ndipo muwaimbire onse. Loweruka pa 28 Juni ana onse asonkhane kushopu ndi mabanja awo, wa sitimayo apemphe tchuthi. Ndidzakhoma sefa, mzime adzatsegula pamaso pawo, ine nditakhala pafupi ndi maso atsopano. Ndikufuna ndione pamene alowetsa waya. Wometa naye aitanidwe, koma adzaime kumbuyo.