Bondo Landichititsa Manyazi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Chifuwa chija chinakusiyani? Mwana wanu wamkulu anandiuza pafoni kuti mukukanabe kupita kuchipatala, ati mukudikira kuti chitope chokha. Pitani achimwene, thupi sakangana nalo. Kuno tili bwino, kupatula kanthu kamodzi komwe kandilembetsa kalatayi.

Paja ndinakuuzani kuti ife opuma pantchito a m'dera lino tili ndi kagulu kathu. Timakumana Lachitatu m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, momwe muli mipando yapulasitiki ndi fani yaphokoso koma yopanda mphepo. Chaka chino tagwirizana zopita kutsidya kwa nyanja, tikaone mzinda wina wakalekale miyendo ikadali yathu. Poti ine moyo wanga wonse unathera pa chiwongolero cha lole, kudumpha malire a mayiko, anandisankha kuti nditsogolere ulendowu. Sindinakane. Mukundidziwa.

Kutsogolera nkhalamba n'chimodzimodzi kuweta mbuzi. A Hedi, mayi amene anali mphunzitsi wamkulu, akufuna mpando wa pawindo popita ndi pobwera pomwe. Bambo wina amene timamutcha Wailesi, chifukwa sazima, wafunsa kale ngati m'ndege amalola munthu kulowa ndi mtsamiro wake. Palibe amene akufuna kukagona naye chipinda chimodzi. Mapasipoti onse atuluka, kungoti chithunzi cha a Hedi chikukhala ngati cha munthu amene akufunidwa ndi apolisi.

Mayi wa ku ofesi yokonza maulendo anatichenjeza kuti mumzindamo basi silowa. Misewu yake ndi yopapatiza, yoyala miyala, ndipo paliponse ndi masitepe okhaokha. Munthu amayenda wapansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditamva zimenezo ndinaimirira pamsonkhano n'kuika lamulo lakuti Loweruka lililonse tiziyeserera kuyenda, kuchoka pa laibulale, kukwera chitunda cha ku thanki ya madzi, n'kubwerera. Amene adzakhale akulepherabe pofika tsiku lodula matikiti atsale, chifukwa sitikufuna kukabereka munthu kudziko la eni. Anandiombera m'manja, ine n'kumva kukoma.

Loweruka lathali, amene analephera ndine.

Bondo lakumanzere, lomwe linaponda kilatchi zaka zonsezi, linangokana tili pakati pa chitunda. Ndinakhala pa kampanda ka nyumba ya eni, n'kumanamizira kumanga zingwe za nsapato. Wailesi anandipitirira akulongolola. A Hedi nawonso anandipitirira, chonsecho ndi aakulu kuposa inu. Ululu unalipo, koma manyazi ndi amene anandipha.

Amene anabwerera kudzandiona ndi mnzathu mmodzi yekha, amene timawatcha a Nesi. Anagwira ntchito ku wodi ya mafupa, ndiye sanamizika. Anandipinda mwendo pamsewu pomwepo, n'kunena kuti bondolo silinathe, likungofuna wolithandiza. Ati ndikagwira ndodo, chitundacho ndikwera. Ndikakana, iwo eni adzaimirira pamsonkhano n'kundikumbutsa lamulo langa. Ndinawayankha kuti ndodo n'za nkhalamba. Anandifunsa ngati kagulu kathu ndi ka achinyamata.

A Hedi, mwachifundo chawo, anati lamulolo tikhoza kulifewetsa pang'ono. Ndinakana. Pali mayi wina wamasiye amene anadzichotsa yekha mwezi watha chifukwa cha lamulo lomweli, miyendo ikumutupa, ndipo tsiku limenelo ine sindinafewetse kanthu. Ndingamuyang'ane bwanji nditadzikhululukira ndekha? Akuluakulu sananame, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dzana ndinalowa m'sitolo ya mankhwala kukaona ndodo zawo. N'zachitsulo, zotalikitsa ndi kufupikitsa, zokhala ndi labala kunsi. Nditagwira imodzi n'kudziona pagalasi, ndinangoona wodwala amene wathawa m'chipatala. Mtsikana wogulitsa anati yandikhala bwino. Ndinamuthokoza n'kuibwezera pamalo pake.

Tsono pempho langa ndi ili. Nditumizireni ndodo ya malemu bambo, ija ili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanu. Ndikudziwa kuti simulola ngakhale adzukulu kuikhudza, ndipo mtima wanu ukakana sindidandaula. Koma ndi yokhayo imene ndingayende nayo pamaso pa anthu popanda kuwerama ndi manyazi. Mukavomera, muikulunge bwino m'nsalu, mumpatse kondakitala wa basi ya m'mawa, ine ndikaichingamira ku depoti. Musaidule. Bambo anali aatali kuposa ine, koma ndizolowera.

Kuyesa komaliza ndi Loweruka lotsiriza la mwezi uno, ndipo matikiti adulidwa Lolemba lake. Ndikakalepheranso, ndidzawaperekeza anzangawa mpaka kubwalo la ndege, ndidzawaonetse polowera, ine n'kubwerera kunyumba. Sindikubisirani, zimenezo zidzandiwawa kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali, kwa mchemwali wathu ndi amuna ake, ndi kwa adzukulu onse. Mchemwaliyo musamuuze za bondo, angabwere kuno ndi mafuta ake opaka onunkha aja.

Mukamaganizira pempho langali, mukumbukire kuti bambo sanapiteko kutali. Kutali kwawo kunali kumsika. Ine ndikabwera ku maulendo anga ankaigoneka ndodoyo pamiyendo, n'kundifunsa kuti ndafika mpaka pati, nanga anthu ake amaoneka bwanji. Ndinkawafotokozera mpaka kukhosi kuuma, iwo n'kumangogwedeza mutu. Ulendo uno, kudzera mu ndodo yawoyo, ndikufuna ndipitire nawo limodzi.

Tsalani bwino, achimwene.

Ndine mng'ono wanu,
Dalaivala wopuma